Kodi "sitiresi" tili naye m'Chichewa?

Mayi wina wa ku Zomba wafunsa kuti: "Chiyambire nthawi ya Covid-19 ndimangoiwalaiwala zinthu. Kuchipatala anandiuza kuti ndi sitiresi. Kodi mawu amenewa m'Chichewa alipo?"

Alipo mayi, ndipo ndi ambiri. Chimene chimandiwawa ndi "sitiresi" n'chakuti wameza mawu athu amene makolo ankawasiyanitsa bwino. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020, ana n'kumangokhala pakhomo osadziwa tsiku lobwerera, imeneyo inali nkhawa. Mu Januwale 2021, nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zitamwalira tsiku limodzi, amenewo anali mantha. Amene anaika m'bale wake mothamanga, osagona n'komwe pasiwa, chake chinali chisoni. Lero zonsezi achinyamata angoti sitiresi.

Kusiyanitsaku kuli ndi ntchito pa funso lanu. Mantha amadinda zinthu m'mutu: ambiri tikukumbukira pamene tinali pomva za imfa za ndunazo. Nkhawa yokhalitsa ndiyo imafufuta. Munthu akamada nkhawa miyezimiyezi, thupi limatulutsa timadzi tambiri totchedwa cortisol, ndipo mbali ya ubongo yosunga zatsopano, hippocampus, imagwira ntchito mofooka. Onjezanipo kusowa tulo, ndi masiku ofanana opanda ukwati, chinkhoswe kapena mapemphero oti n'kuwasiyanitsira. Mpake kuti miyezi ija inasakanikirana.

Taonani mneni amene timamuphatika ku nkhawa. Timati "kuda nkhawa", kuda komwe kuja kwa kunja dzuwa likalowa. Kwa ine "kukumbuka" amamveka ngati pachibale ndi "kukumba", monga "kutseguka" ali pachibale ndi "kutseka": chinthu chinakwiririka, tsopano chafukuka. Agogo anga akaiwala dzina la munthu ankati, "Dikira, likumbuka lokha," ngati akunena za mbatata yoti itulukira mumzere. Nanga mumdima munthu angakumbe n'kupeza chimene anakwirira? Chiyankhulo chinaona kale zimene madokotala akufotokoza.

Tsono mukabwereranso kuchipatala, nenani kuti "nkhawa ikundiiwalitsa zinthu", kapena "maganizo andichulukira", kapena "chisoni sichinandichoke", malinga ndi chimene chili mumtima mwanu. Dokotala adzamva zambiri kuposa mukangoti sitiresi. Mumuuzenso ngati munadwalapo Covid-19, chifukwa matendawo paokha amasiya ena akuiwalaiwala kwa miyezi ingapo atachira.