Zaka zambiri, kapena zaka zathanzi? Phunziro la okalamba a ku China

FUNSO: Ndinamva pa wailesi kuti ku China anthu akukhala ndi moyo zaka pafupifupi 80. Bambo anga ali ndi zaka 67, amalimabe kudimba koma BP yawo ndi yokwera. Kodi zaka za Matchainazo zimakhala zathanzi kapena zogona pamphasa? Ife kuno kuchigwa tingatolepo chiyani? — Mayi wa ku Bangula, Nsanje

YANKHO: Mayi, akatswiri amawerenga zaka pawiri: zaka zonse za moyo, ndi zaka zimene munthu amakhala wopanda matenda omufoola. Kalembera wa mu 2020 anaonetsa kuti wobadwa ku China angayembekezere kukhala zaka 77.9, koma bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2019 zaka zathanzi zinali 68.5 basi. Zaka pafupifupi 9 zimathera m'kudwala, zambiri mwa izo kuukalamba. Amayi amakhalitsa kuposa abambo, koma zaka zawo zodwala zimachulukanso.

Chimene chimapha ndi kulumaza kwambiri kumeneko ndi sitiroko, ndipo muzu wake ndi kuthamanga kwa magazi. Matchaina amakonda mchere: munthu mmodzi amadya magalamu oposa 10 patsiku, pamene WHO imati asafike 5, ndiye kuti kasupuni ka tiyi kamodzi kosachita phiri. Fodya nayenso akuwononga, poti pafupifupi theka la amuna kumeneko amasuta.

Kafukufuku amene anatuluka mu 2021 anatsata anthu pafupifupi 21,000 m'midzi 600 ya kumpoto kwa China. Theka lawo anapatsidwa mchere wosakaniza, magawo atatu mchere wamba, gawo limodzi mchere wa mtundu wina wotchedwa potaziyamu. Patatha zaka pafupifupi zisanu, sitiroko inatsika ndi 14 peresenti, imfa ndi 12 peresenti. Mcherewu si wa aliyense: wodwala impso ungamupweteke, choncho asaugwiritse ntchito adokotala asanavomere.

Kwa bambo anu, yambirani kukhitchini. Mchere wa tsiku lonse muziyeza m'mawa n'kuika m'kambale, osangotapa ndi dzanja m'paketi. Nsomba youma yothiridwa mchere, kaya mlamba kaya mphende, iviikeni m'madzi kwa ola limodzi, madziwo mutaye, ndipo pophika musaonjezenso wina. Soda wa mu therere ndi timibulu tokometsera ndiwo zimakweza BP ngati mchere womwewo, ambiri sadziwa. Ngati mjigo wanu ndi umodzi mwa ya madzi amchere, monga ilili yambiri ku Chikwawa ndi Nsanje, akumwa muzitunga kwina pamene zikutheka. Chepetsani pang'onopang'ono kwa milungu ingapo. Mukadula kamodzin'kamodzi, abambo adzati ndiwo sizikukoma, adzaitanitsa mchere wapambali, ntchito yonse n'kupita m'madzi.

Ku China, aliyense wa zaka 65 kupita m'tsogolo ali ndi mwayi woyezedwa m'thupi mwaulere kamodzi pachaka. Kwa munthu wa BP yokwera kale, kamodzi pachaka n'kochepa; tsatirani masiku amene kuchipatala anawalembera. Akafika, apume kaye mphindi zisanu atakhala pansi, chifukwa wongotsika kumene panjinga dzuwa lili pamutu nambala yake imanama. Ikamafika 140/90 kapena kuposerapo pa masiku awiri osiyana, mankhwala aunikidwenso.

Cholakwika chimene timachiona kawirikawiri ndi kusiya mapiritsi munthu akamva bwino. BP siimva kuwawa; mankhwala ake ndi a tsiku ndi tsiku. Ena mwa mapiritsiwa amakodzetsa, ndipo m'kutentha kwa Okutobala angabweretse chizungulire. Choncho kudimba alawirire, abwereko dzuwa lisanakwere, amwe madzi okwanira, ndipo podzuka ayambe akhala tsonga asanaimirire. Kulimako asasiye, n'kumene kukusunga mphamvu za miyendo.

Pakamwa pakapotoka, mkono umodzi ukalefuka kapena mawu akayamba kusamveka, zimenezo ndi zizindikiro za sitiroko; musadikire kuti kuche. Pezani njinga yamoto kapena galimoto, muthamangire nawo kuchipatala nthawi yomweyo.