Aphunzitsi, musagulitse njinga yachitsulo imeneyo

Mphunzitsi wina wa ku Ntcheu wanditumizira imelo yofunsa ngati njinga yakale ya m'mapiri imene malume ake anamusiyira, yachitsulo komanso yopanda masipuling'i, ingakonzedwe n'kumayendera maulendo aatali itasenza katundu, kapena angoigulitsa n'kugula yatsopano. Aphunzitsi, funso lanu landikhudza kwambiri, chifukwa zimene mukuganizazo ine ndinazichita ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Zaka zingapo zapitazo ndinagulitsa njinga yanga yopangidwa cha m'ma 1990 chifukwa penti inali itasupuka, ndipo ndinagula yatsopano yonyezimira, ya masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo. Vuto linayamba ndisanachoke pakhomo, poti felemu yake inalibe timabowo tomangirapo kaliyala, moti amakanika anangoikolowekera pa chitsulo cha chishalo. Ndinanyamuka pa boma la Dedza m'mamawa, chifunga chisanachoke m'phiri, nditamangirira tenti, kapoto, ufa pang'ono ndi madzi, cholinga changa chili chokagona ku Mua. Boma la Dedza lili pamalo okwera pafupifupi mamita 1,600 pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500, choncho aliyense amene anatsikapo msewu wa Golomoti akudziwa mmene umatsetserekera mokhotakhota popanda popumira. Ndisanafike pakati pa chitsetserekocho, zogwirira za mabuleki, zimene zinali zapulasitiki, zinayamba kufika pa handulo koma njinga osaima bwinobwino. Nditakwanitsa kuima ndinakhudza limu ndi chala n'kupeza yatentha ngati chiwaya. Masipoko atatu akumbuyo anali ataduka, wilo linali likupepeluka n'kumakhula felemu, ndipo mtunda wotsalawo ndinautsika wapansi, ndikukankha.

Amakanika a pa Golomoti, bambo achikulire okonzera pansi pa mtengo wa mango, anaitembenuza miyendo m'mwamba, anazungulitsa wilolo kamodzi, kenako anati: "Achimwene, njinga iyi ndi yoyendera ana pabwalo, si yosenzetsa katundu." Ananena zoona. Sipuling'i ya njinga yotchipa imangowonjezera kulemera, imadya mphamvu zanu pachitunda, ndipo ikatha palibe amene angaikonze kumudzi.

Kuyambira tsiku limenelo sindivomereza kuti munthu wa ndalama zochepa agule njinga yotere poti akayendere ulendo wautali. Tangoimani pa msika wa Lizulu muone anthu amene njinga ndi moyo wawo, akabaza ndi aja amasenza matumba a mbatata ya kachewere ndi kabichi. Ambiri mwa iwo amapalasa zachitsulo, kaya zakale zija za mawilo a mainchesi 28 kapena za Buffalo, zimene kaliyala yake inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 100. Sasankha chitsulo chifukwa cha umphawi wokha ayi. Chitsulo chimayamba chapindika chisanathyoke, ndipo chikang'aluka wowotcherera wa pa msika amachilumikiza tsiku lomwelo, pamene aluminiyamu imafuna makina apadera amene simungawapeze ku Bembeke kapena ku Tsangano. Chenjezo langa ndi limodzi: mafelemu abwino a njinga zakale za m'mapiri, olembedwa chromoly kapena 4130 (mayina a mtundu wa chitsulo chake), ali ndi mapaipi opyapyala, choncho pitani kwa wowotcherera ndi gasi, chifukwa moto wa magetsi ukhoza kuwaboola. Njinga yanu imaposa ya kabaza pa chinthu chimodzi chachikulu, chimene ndi magiya, ndipo m'mapiri athu ano magiya ndiwo amasiyanitsa wopalasa ndi wokankha.

Zoyenera kuchita

Yambani ndi felemu. Ipukuteni bwino, muyang'ane ming'alu pamene mapaipi alumikizana, makamaka pansi pozungulira mapedulo, ndipo muyese ngati chitsulo cha chishalo chikutuluka, poti dzimbiri likachigwira chimavuta zedi. Dzimbiri la pamwamba lisakuopseni, limachoka ndi sandipepa. Onaninso ngati pali timabowo ta kaliyala pafupi ndi habu yakumbuyo.

Ndalama zanu zambiri zipite ku wilo lakumbuyo. Likhale la mainchesi 26, amene matayala ndi machubu ake amapezeka m'misika yathu, la masipoko 36, lomangidwa ndi amakanika odziwa kukunga. Sinthani zingwe ndi marabala a mabuleki, tcheni ngati yatha, ndipo muike girizi ndi mabozi atsopano m'mahabu. Magiya atatu akutsogolo asiyeni momwemo, ndipo giya lalikulu lakumbuyo likakhala la mano 32 kapena 34 mudzakwera chitunda muli pachishalo. Matayala a mibulu achotseni, muike osalala pang'ono a mainchesi 1.75. Zikwama zodula sizofunika, chifukwa zigubu ziwiri za mafuta ophikira zomangidwa m'mbali mwa kaliyala sizilowa mvula, bola muzikankhire kumbuyo kuti zidendene zisamagunde. Musasiye pampu, chubu, zigamba, sulushoni ndi masipoko angapo.

Mukamaliza, isenzetseni katundu yense mukwere nayo M1 kuchokera pa Ntcheu mpaka ku Lizulu n'kubwerako, kenako mukakungitsenso masipoko musanaganize zotsika Golomoti.