Yankho kwa mayi amene akuopa kubereka chifukwa cha mmene dziko lilili

Mayi, kubereka mwana m'dziko lino si kulakwa, ndipo musalole kuti kuchuluka kwa anthu kapena malonjezo abodza a andale akulandeni chiyembekezo. Nkhawa yanu ili ndi maziko, chifukwa kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi, pomwe wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni, ndipo ife okhala ku Area 25 timaona zimenezi pamizere ya madzi ndiponso m'makalasi odzaza ana.

Kubedwa kwa ndalama za boma ku Capital Hill mu 2013 kunandipweteka mtima kwambiri, moti ndinaleka kupita kumisonkhano ya ndale. Komabe khothi litathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019 mu February 2020, ndinaona kuti chilungamo sichinafe. Salimo 146 limatichenjeza kuti tisadalire akalonga, choncho ine ndimavota ndi kudzudzula olakwa, koma mtima wanga ndinauika pa Khristu amene anauka kwa akufa.

Za chiwerengero cha ana, kambiranani ndi bambo a kunyumba, kenako mukafunse anamwino za njira zolerera. Ngati nkhawayi ikukusowetsani tulo, kaonaneni ndi dokotala.