Sampu Yachita Dzimbiri, Nditani?

Funso: Akulu, ndili ndi ka Toyota kakale kuno ku Chibavi, Mzuzu, sampu, kabeseni kosungira oyilo kunsi kwa injini, yachita dzimbiri ndipo m'mawa ndimapeza timadontho pansi. Ndipange bwanji?

Yankho: Achimwene, ndi mvula ya ku Mzuzu imeneyo, matope akamatirira kunsi chinyezi sichichoka ndiye chitsulo chimangodyeka. Tsukani kaye muone pomwe oyilo akutulukira, mwina ndi gasiketi chabe (chotsekera mpata pakati pa sampu ndi injini) kapena boti yotsitsira oyilo. Ngati dzimbirilo lili pamwamba palani ndi bulashi ya waya ndi sandipepa, pukutani mafuta onse, kenako pakani penti yopirira kutentha. Koma ngati yabooka, zomata ndi sopo zija ayi ndithu, gulani ina olo yakale bola yabwinobwino. Mukafuna kuwotcherera, amakaniko aimasule kaye ndi kuitsuka, osati ili pagalimoto, oyilo amayaka.