Ndidikire kapena ndikwere basi ya ku Joni?

Imelo yanu achimwene ndinaiwerenga pa foni Lachiwiri usiku magetsi atazima, ndipo tulo tinandithawa. Akuchotsani ntchito miyezi isanu ndi iwiri yapitayo chifukwa kampani ikusowa madola oitanitsira katundu, ndiye mukufunsa ngati mudikire kuti chuma chibwerere m'chimake kapena muuyatse wa ku Joni.

Inenso zinandionekera mu 2011. Ndinkagwira pa kakampani kena kosindikiza makalendala ndi mabuku a malisiti ku Blantyre. Mapepala ndi inki zonse zinkachokera kunja. Chaka chimenecho fodya anagulidwa motchipa ku okushoni, Britain inaimitsa thandizo lake la bajeti boma litathamangitsa kazembe wawo, madola n'kuuma m'mabanki. Anthu ankagona pa filingi siteshoni ndi zigubu, kenako kunadza ziwonetsero za pa 20 July zomwe anthu anafera. Ife tinangoona makina aakulu ataphimbidwa ndi pulasitiki yakuda. Bwana anatiitana anayi mu ofesi, osatiyang'ana n'kumaso komwe, akungosewera ndi sitepula.

Chimene ndinachita kenako ndi chochititsa manyazi. Kwa miyezi inayi ndinkadzuka m'mamawa, kusita shati, kumanga tayi, envelopu ya khaki m'khwapa, n'kumapita ku siteji ngati munthu wa pa ntchito. Mayi a kunyumba ankadziwa, koma aneba ayi. Ndinkatsika m'tauni, kusiya makalata awiri atatu kwa alonda a pa geti, basi tsiku lonse kuwerenga nyuzipepala ku laibulale. Masana mandasi awiri ndi madzi a pampopi. Ndalama ya minibasi imene ndinaotcha poteteza ulemu ikanakwana thumba la chimanga mwezi uliwonse.

Amalume anga ankandilimbitsa mtima kuti chuma chili ngati gudumu, chapansi chimadzakhalanso pamwamba. Sananame kwenikweni. Mu May 2012 boma la Joyce Banda linagwetsa kwacha, dola imodzi kuchoka pa K168 kufika pa K250, ndipo posakhalitsa mafuta anayamba kupezeka, mizere n'kutha. Ndinakhala pafupi ndi foni kudikira bwana uja. Mpaka lero sanaimbe. Iyeyu anali ataphunzira kuyendetsa kampani ndi anthu asanu ndi mmodzi m'malo mwa khumi, chiwongoladzanja ku banki chinali chitakwera, ndiye akanatiitaniranji? Zinthu zikamasintha, mafuta ndiwo amabwera koyamba, katundu m'mashopu pambuyo pake, ntchito kumapeto kwenikweni. Ndipo isanafike n'komwe, gudumu lija limakhala layambanso kutsika: 2013 kunabuka Cashgate, nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma, opereka thandizo anatsekanso mpopi. May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, November 2023 ndi 44 peresenti. Dziko lodalira madola a fodya, amene amalowa kuyambira April kufika cha mu August kenako n'kuyamba kuchepa, silingakupatseni tsiku loti mudikire.

Pano ndipsepo mtima pang'ono. Amanditopetsa anthu a pa mpando wofewa amene amalalikira kuti achinyamata asiye ulesi, adzilembe okha ntchito. Mpamba auchotsa kuti? Nanga tonse tikamagulitsa kaunjika ndi mayunitsi, wogula akhala ndani, poti nayenso malipiro ake akungothera sopo ndi lendi? Kampani ikatseka, mayi wogulitsa nsima pa geti paja nayenso watha ntchito, wa kabaza wataya makasitomala, landilodi akudikira. Ulova wa nthawi ngati ino si khalidwe la munthu. Ndimadananso ndi funso lija la pamaliro ndi paukwati, loti "masiku ano muli kuti?" Ena amafunsa akudziwa kale.

Koma funso lomwelo ndi limene linandipulumutsa. Tsiku lina titaweruka ku tchalitchi bambo ena atandifunsa, ndinatopa n'kunama, ndinangoyankha kuti ndili pakhomo, ntchito inatha kalekale. Patatha milungu itatu bambo omwewo ananditumiza kwa mwini holoselo wina ku Limbe amene ankafuna munthu wowerengera katundu. Malipiro anali theka la akale, tayi panalibe, fumbi la ufa ndi simenti tsiku lonse. Ndinakhalapo zaka ziwiri.

Za ku Joni

Agogo athu ankapita pa Theba, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, ndi kontirakiti m'manja, njira imene inatsekedwa cha m'ma 1988. Lero ku South Africa komweko anthu oposa 30 pa 100 alionse ofuna ntchito sakuipeza, ndipo zinthu zikathina mkwiyo umagwera alendo, monga mu 2008 ndi 2015. Wopanda pemiti amathera ku Lindela, malo otsekerako alendo oti abwezedwe kwawo. Ngati kulibe munthu wodalirika amene wakupezerani kale pogwira ndi pogona, musakwere.

Tsono musadikire, koma musathamangirenso basi. Onani kaye ngati anakulipirani ndalama yochotsedwera ntchito: lamulo limati malipiro a milungu iwiri pa chaka chilichonse chimene munagwira, pa zaka zisanu zoyambirira. Akakana, pitani ku ofesi ya leba, zikavuta ku khoti la za ntchito la Industrial Relations Court. Funsaninso za penshoni yanu. Mlungu uno uzani anthu khumi kuti muli pakhomo, kuyambira amene mukuwabisira kwambiri. Mundilemberenso kuti ku leba akuuzani zotani.