Funsani Akatswiri: Pulogalamu ya pashopu ikasiya kumvana ndi seva

FUNSO: Ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira m'tauni muno mwa Zomba. Kompyuta ya mu ofesi ndiyo imasunga database ya MySQL, ndipo ziwiri za pa kauntala zimatenga mitengo kumeneko. Magetsi akangozima n'kuyakanso, za pa kauntala zimalemba kuti "Can't connect to MySQL server". Kodi zinthu zanga zafufutika?
Bambo wa ku Matawale

YANKHO: Mtima m'malo, bambo, palibe chafufutika. Uthengawo, womwe nambala yake ndi 2003, ukungonena kuti kompyuta ya pa kauntala yagogoda koma palibe wayankha.

Nthawi zambiri wolakwa ndi router, kabokosi kolumikiza makompyuta anu. Iyo ndiyo imagawa manambala a IP, omwe ali ngati adiresi ya chipangizo chilichonse, ndipo ikazima n'kuyaka imatha kugawa mwatsopano. Seva, kutanthauza kompyuta ya mu ofesi ija, yomwe dzulo inali 192.168.1.10 lero yakhala 192.168.1.14, nambala yakale yatengedwa ndi foni ya mnyamata wonyamula simenti, pomwe pulogalamu ikugogodabe pakhomo lakale. Pa seva tsegulani cmd, pulogalamu ya Windows yolembamo malamulo, lembani ipconfig, muone mzere wa IPv4 Address. Yerekezerani ndi nambala yolembedwa pa host mu makonzedwe a pulogalamu yanu. Zikasiyana, musamangosintha ya m'pulogalamu tsiku ndi tsiku. Lowani mu router muisungire seva nambala yakeyake, pamalo olembedwa DHCP reservation.

Manambala akafanana, onani ngati MySQL yadzuka. Lembani services.msc, pezani dzina lake, kawirikawiri MySQL80, ndipo likhale pa Automatic. Kenaka pa kauntala tsegulani PowerShell mulembe Test-NetConnection 192.168.1.10 -Port 3306. Ikayankha False, khomo ndi lotseka: mwina firewall ya Windows, mlonda wa makomo a kompyuta, sikulola port 3306, khomo lomwe MySQL imamverapo, kapena mu fayilo ya my.ini muli mzere wa bind-address=127.0.0.1, womwe umauza seva kuti izimvera kompyuta yomwe ilipoyo basi. Amene muli ndi PostgreSQL m'malo mwa MySQL, port yanu ndi 5432 ndipo mafayilo oti muone ndi postgresql.conf ndi pg_hba.conf.

Mukadzaona 1045, "Access denied", imeneyo ndi nkhani ina. Mwafika pakhomo, koma dzina kapena password yakanidwa. MySQL imaona dzina pamodzi ndi komwe munthu wachokera, choncho 'shopu'@'localhost', dzina lololedwa kulowa kuchokera pa seva pokha, salowa kuchokera pa kauntala, pangani 'shopu'@'192.168.1.%'. Ndipo chonde pulogalamu isalowe ndi root, dzina lokhala ndi mphamvu zonse mu MySQL. Amisiri ambiri amatero chifukwa n'kosavuta, koma n'chimodzimodzi kusiya makiyi a sefa ya ndalama pa kauntala. Kagulireninso seva ndi router ka UPS, kabatire kopereka magetsi kwa kanthawi akazima.

FUNSO: M'mawa uliwonse lisiti yoyamba imakana, pamalembedwa "MySQL server has gone away". Tikatseka pulogalamu n'kutsegulanso zimayenda.
Mayi wa golosale, Chinamwali

YANKHO: Mayi, MySQL imadula kulumikizana kulikonse komwe kwakhala chete masekondi 28800, omwe ndi maola 8. Mukaweruka 6 koloko madzulo pulogalamu ili chitsegukire, pofika 2 koloko usiku seva yadula kale. Chapafupi n'kutseka pulogalamu poweruka. Ena amakweza wait_timeout, nthawi yodikira ija, mu my.ini, zimathandiza ndithu, koma kulumikizana kogona kumaunjikana ndipo malire ake MySQL ikangoikidwa ndi 151. Chabwino n'kuuza anakuikirani pulogalamuyo kuti connection pool yake, gawo losunga kulumikizanako, iziyesa kaye kulumikizana isanakugwiritse ntchito.

FUNSO: Disiki ya seva yathu yadzaza, pomwe malonda athu si ambiri. Foda ya logs yokha yafika 60 GB. Tingoifufuta?
Wosunga ndalama pa famase ina, Zomba

YANKHO: Musafufute chisawawa, muli mitundu iwiri ya mafayilo mmenemo.

Woyamba ndi log ya pulogalamu, buku lomwe imalembamo zomwe ikuchita. Kuchuluka kwa zolemba kumatengera mulingo: DEBUG imalemba chilichonse, ngakhale kudina batani, INFO zochitika zazikulu, WARN ndi ERROR zovuta zokha. Zomwe zimachitika n'zoti mmisiri amaika DEBUG pofufuza vuto, vuto likatha n'kuiwala kubweza. Ikani INFO. Yatsaninso log rotation, mwachitsanzo fayilo ikafika 10 MB iyambe ina, n'kusunga 10 okha. Pamenepo simudzapyola 100 MB. DEBUG ili ndi vuto linanso kwa inu a famase: imatha kulemba maina a odwala ndi mankhwala omwe agula m'fayilo yomwe aliyense wokhala pa kompyutayo angawerenge. Akale otere afufuteni pulogalamu ili yotseka, mutakopera a mwezi wathawu pa disiki ina.

Wachiwiri ndi wa MySQL yeniyeniyo. Ngati general_log ili ON, izimitseni, chifukwa imalemba funso lililonse lopita ku database. Slow query log ikhale yoyaka, imangolemba mafunso opyola masekondi 10, kapena ochepera mukatsitsa long_query_time, ndipo ndiyo idzakuuzeni chochedwetsa lipoti ya kumapeto kwa mwezi. Koma mafayilo otha ndi manambala monga .000045 ndi binary log: amenewo musawakhudze ndi Delete, seva ili ndi mndandanda wawo ndipo imasokonezeka akasowa. MySQL 8.0 imawasunga masiku 30. Achotseni ndi lamulo la PURGE BINARY LOGS, mutapanga kaye backup.

Powerenga error log, buku lomwe MySQL imalembamo zovuta zake, musadabwe nthawi ikatsalira ndi maola 2. MySQL imalemba mu UTC, nthawi yoyendera dziko lonse, pomwe ife tili patsogolo ndi maola amenewo, ndiye vuto la 10 koloko mulisake pa 08:00. Mukaika log_timestamps=SYSTEM mu my.ini n'kuyatsanso seva, izilemba nthawi ya kuno.