Join yanu ikuchedwa chifukwa 417 ndi '00417' ndi zinthu ziwiri zosiyana

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Luchenza amene amasunga database ya gulu la alimi ang'onoang'ono a tiyi. Funso lawo mwachidule ndi ili: ali pa MySQL (pulogalamu yosungira database), tebulo ya alimi ili ndi nambala ya mlimi ngati INT, kutanthauza nambala yeniyeni, koma tebulo ya masamba, ija imalandira makilo kuchokera ku sikelo tsiku ndi tsiku, nambala yomweyo inalowa ngati VARCHAR, kutanthauza mawu, chifukwa imabwera pa fayilo ya CSV ili ndi ma zero kutsogolo, '00417'. Akafuna statement ya mlimi mmodzi yekha, imene imafuna join (kulumikiza matebulo awiriwo), kompyuta imangozungulira mpaka munthu kupita kukamwa tiyi ndikubwera. Anayesa kuika CAST, yosandutsa mawu kukhala nambala, pa kolamu ya nambala mu tebulo ya masamba, palibe chasintha. Nde akufunsa kuti kodi agule server ina?

Achimwene, ndalama imeneyo isungeni kaye.

Vuto si server, ndi index imene siikugwira ntchito. Index ndi ngati kaundula wosanjidwa kale mwadongosolo. Kolamu ikakhala VARCHAR, kaundulayo amasanjidwa ngati mawu, chilembo ndi chilembo, moti '10' amabwera '9' asanafike, ndipo '417', '00417' ndi ' 417' wokhala ndi space kutsogolo ali pamasamba atatu otalikirana. Tsono inu mukabwera ndi 417 wa INT, MySQL imasandutsa mbali zonse ziwiri kukhala manambala kuti ifananitse, nde imaona kuti mawu amene angasanduke 417 ndi ambirimbiri, sidziwa tsamba loti itsegule, basi imangoyamba pamwamba kuwerenga mzere uliwonse mpaka pansi. Nthawi ya mvula masamba akachuluka tebulo ija imafufuma, mavuto nawo amakula. Lembani EXPLAIN, yoonetsa mmene MySQL ikufufuzira, kutsogolo kwa query yanu muone nokha, pa tebulo ya masamba mupeza type ili ALL, kutanthauza kuti ikuwerenga mizere yonse.

CAST yanu ija munaiika mbali yolakwika. Mukakulunga kolamu ya tebulo yaikulu mu function iliyonse, index ya kolamuyo yafa, chifukwa database iyenera kuwerengetsa CAST pa mzere uliwonse isanadziwe ngati ndi womwewo. Mwangolemba ndi manja zomwe MySQL imachita kale mwakachetechete. Sinthani mbali yaing'ono, yaikuluyo muisiye ili buno bwamuswe:

ON m.nambala = LPAD(a.nambala, 5, '0')

Apa m ndi masamba, a ndi alimi, ndipo LPAD ikudzaza ma zero kutsogolo, nde 417 akusanduka '00417' kamodzi, kenako akukafufuzidwa mu kaundula molunjika, EXPLAIN iyenera kuonetsa ref, kutanthauza kuti index ikugwira ntchito. Koma izi zigwira pokhapokha ngati ma nambala onse mu masamba ali ndi zilembo 5 ndendende. Ngati kalaliki wina anatsegulapo CSV mu Excel ndikuisevanso, ma zero anathawa, ndipo mizere imeneyo siituluka mu statement, mlimi adzabwera ku ofesi ndi timapepala take ta kusikelo atakwiya.

Chimene chimandiopsa ine kwambiri si kuchedwako ayi. MySQL ikamasandutsa mawu kukhala nambala imawerenga manambala a kutsogolo ndikutaya zotsalazo, '417A' imamuwerenga 417, imangopereka ka warning kamene palibe amakawerenga. Nde tiyerekeze bambo anagawira mwana wawo munda, ofesi ndikungowonjezera A pa nambala, join yanuyo ikuphatikiza makilo a anthu awiri pa dzina limodzi ndipo ndalama ikupita kwa mmodzi. Ine zoterezi zinandichitikirapo kwinakwake kuno ku Mulanje, tinatha masiku tikukayikira sikelo pomwe vuto linali mzere umodzi wa SQL. Database ina yotchedwa PostgreSQL pa nkhani iyi ndimaikonda, kuyambira version 8.3 ya 2008 imakana poyera kuti operator does not exist, imakutukwana lero lomwe m'malo mokuchititsa manyazi pa tsiku la malipiro. SQL Server nayo imasandutsa VARCHAR kupita ku INT yokha, mu plan mumaona CONVERT_IMPLICIT, ndipo ikakumana ndi '417A' imagwa ndi error.

Mankhwala enieni ndi oti makolamu awiriwo akhale amtundu umodzi, LPAD ija ndi yongodutsira mwezi uno. Dzifunseni, nambala ya mlimi munayamba mwaiphatikizapo ndi ya mnzake kapena kuigawa pawiri? Ayi. Ndi dzina chabe lolembedwa ndi manambala, nde kwa ine ikhale VARCHAR mbali zonse, makamaka ngati ma A ndi ma B aja alipo. Chimodzimodzi ma foni a Mpamba ndi Airtel Money, musawaike mu INT, zero wa kutsogolo amasowa, ndipo mukaika 265 nambala imakwana ma digit 12 pomwe INT imathera pa 2,147,483,647.

Kachitidwe kake, yambani ndi mysqldump yotenga kopi ya database yonse, kopi ina pa flash, poti magetsi akhoza kuthima muli pakati. Kenako fufuzani zinyalala ndi WHERE nambala REGEXP '[^0-9]' komanso mizere imene kutalika kwake si 5, muikonze muli ndi munthu wodziwa alimiwo pambali panu, osamangoganizira. Onjezani kolamu yatsopano mu alimi, muidzaze ndi LPAD, muiike index, ma query asamukire kumeneko, yakaleyo mudzaichotse mwezi ukatha bwino. Onetsetsaninso character set (kasungidwe ka zilembo), VARCHAR ya latin1 ndi ya utf8mb4 nazo zimaphana index chimodzimodzi, SHOW CREATE TABLE ikuuzani.

Ndipo script imene imalowetsa CSV ija izikana mzere wolakwika pakhomo pomwe, apo ayi pofika December mudzandilemberanso. Munditumizire EXPLAIN yatsopanoyo mukamaliza, ndione ngati ALL uja wachoka.